Chiromo: tikulira bwinja la ndani?

Mnzanga wina amene timaphunzira naye mbiri yakale ali ndi chizolowezi choponya zithunzi zakalekale pagulu lathu la WhatsApp. Sabata yatha anaponya chithunzi cha sitima ya pamadzi itakocheza pagombe la Shire, utsi uli tolotolo, azungu ovala zoyera atakhala m'chipinda cha pamwamba. M'munsi mwake analemba kuti: "Chiromo kalelo. Taonani mmene tabwerera m'mbuyo." Ndemanga zinagwa ngati mvula. Wina anati atsamunda akanakhalabe bwenzi pano Chiromo ali ngati Durban. Wina anati ife Amalawi ntchito yathu ndi kuwononga basi. Ine sindinayankhe pomwepo, chifukwa yankho langa silikanakwana m'mizere iwiri. Ndiye ndabwera nalo pano.

Amayi anga kwawo ndi tsidya la kum'mawa kwa Shire, kufupi ndi Makhanga m'boma la Nsanje. Chiromo ndimamudziwa ndi mapazi anga, osati pachithunzi. Ukatsika minibasi pa Bangula umakwera kabaza mpaka pamadzi, kenako umakwera bwato kapena boti pamalo amene anthu anawatcha Mtayamoyo. Dzinalo likunena lokha. Mlatho wachitsulo wa njanji udakalipo, koma mu 1997 madzi osefukira anakumba njira yawoyawo pambali pake n'kudula mtunda umene njanji ndi msewu zinkadutsapo. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe sinathenso kuwolokera ku Bangula. Choncho mnzanga uja akamati pali chimene tinataya, sindikumutsutsa. Ndikutsutsana naye pa funso lakuti tinataya chiyani, ndipo anachipha ndani.

Chiromo ali pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Azungu asanaikepo mbendera, pamalopa panali kale anthu ndi ufumu. Chipatula, mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kutsalira m'chigwachi, ndi amene ankalamulira kumeneko mpaka mu 1884, pamene mzungu wamalonda George Fenwick anamuwombera. Mu 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'dera lomweli, ndipo mkanganowo unafika mpaka ku London ndi ku Lisbon. Mu Januwale 1890 Britain inauza Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pangano la 1891 linaika Ruo kukhala malire. Malire amene lero amagawa abale a mtundu umodzi, ena n'kukhala Amalawi ena a ku Mozambique, anabadwira pamkangano umenewu. Chiromo anasanduka khomo la dziko latsopano la British Central Africa: panali boma, ofesi ya kasitomu, positi ofesi, nyumba zosungiramo katundu za makampani ndi masitolo a amwenye.

Koma khomo limeneli linali ndi khomo linzake kunyanja ya mchere, ndipo ambiri a ife sitinalimvepo n'komwe. Dzina lake ndi Chinde. Mu 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti mwa mathiriro a Zambezi, la Chinde ndi limene sitima zikhoza kulowerapo. Pa pangano lija la 1891, Apwitikizi anabwereketsa Angerezi kachigawo ka malo ku Chinde kwa zaka 99, kuyambira mu 1892. Kanali kadziko ka Angerezi m'kati mwa Mozambique, kokhala ndi woimira boma la Britain ndi positi ofesi yakeyake. Katundu ankatsitsidwa m'sitima zikuluzikulu za panyanja, n'kupakiridwa m'sitima zing'onozing'ono za gudumu kumbuyo, zimene zinkakwera Zambezi, kulowa mu Shire, mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga ku Chikwawa. Wamishoni, msilikali, kalata, nsalu, mfuti, zonse zinkadzera njira imeneyi. John Chilembwe popita ku America mu 1897 ndi pobwerako mu 1900, msewu wake unali madzi omwewa.

Tsono tamvani mmene matawuni awiriwa anafera, chifukwa apa ndi pamene chithunzi cha mnzanga chikunama.

Shire si mtsinje wokhulupirika. Madzi ake amadalira mmene nyanja ya Malawi yadzazira, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanjayo inali ikuphwa. Sitima zinayamba kutitimira mumchenga miyezi yachilimwe. Njanji ya Shire Highlands Railway, imene poyamba inkayenera kuyambira pa Chiromo kupita ku Blantyre, anaikokera kumunsi mpaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, chifukwa sitima za pamadzi zinkalephera kufika pa Chiromo. Inatsegulidwa mpaka ku Blantyre mu 1908. Pasanathe zaka khumi nayo Port Herald inaoneka kuti siikwanira, ndiye njanji anaitalikitsanso mpaka ku Chindio pagombe la Zambezi. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Beira inafika tsidya lina la Zambezi. Chaka chomwecho namondwe anasakaza Chinde, tawuni imene nyanja inali itayamba kale kuikukuta, n'kumiza sitima zambiri. Pofika 1923 Angerezi anali atasiya malo aja. Anapangana zaka 99, anakhalapo zaka 31. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, katundu ankachoka ku Beira mpaka ku Limbe osakhudza madzi, ndipo Chiromo anatsala kasiteshoni kongodutsapo.

Werengani zakazo bwinobwino. Palibe chaka cha 1964 pamenepo. Chiromo wa pachithunzi chija sanaphedwe ndi ufulu wodzilamulira, kapena ulesi wa Amalawi. Anamusiya ndi eni ake omwe anamumanga, tsiku limene anapeza njira yotchipa yotulutsira fodya, tiyi ndi thonje. Sanalire maliro. Anangonyamula mabuku awo a kasitomu n'kusamuka. Atsamunda akanakhalabe, Chiromo sakanakhala Durban. Anali atamutaya kale agogo anga asanabadwe.

Ndipo sizinali zachilendo kwa iwo. Livingstonia yoyamba anaimanga ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Ku Cape Maclear kunatsala manda. Fort Johnston yoyamba inali tsidya lina la Shire, pambuyo pake n'kusamutsidwira pamene pali tawuni ya Mangochi lero. Malo amenewa ankamangidwa ndi cholinga chimodzi, ndipo cholingacho chikatha, malowo ankathanso.

Ndinabwereranso pachithunzi chija n'kuchikulitsa ndi zala. Pansi pa azungu ovala zoyera aja, pagombe, pali anthu akuda ambirimbiri, zifuwa zili pamtunda, mitolo ili pamutu. Palibe ndi mmodzi yemwe pagulu lathu anawatchula. Komatu ife tikanakhalako nthawi imeneyo, malo athu akanakhala pagombepo, osati m'chipinda cha pamwamba. Sitima zimenezi zinkayendera nkhuni, ndiye panali anthu odula mitengo m'mbali mwa mtsinje n'kuiunjika pamalo oimapo sitima. Ikatitimira mumchenga, panali anthu olowa m'madzi a ng'ona kukaikankha. Kuchokera kwa Katunga kukwera phiri mpaka ku Blantyre, ndi kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Matope kulambalala mathithi a Shire, katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga. Ambiri sankapita mwa kufuna kwawo. Boma linaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu, ndipo munthu wopanda ndalama njira yake inali kukasenza mtolo. Kuyera kwa malaya a pachithunzi aja kunali ndi ochapa ake.

Pano ndiyenera kuvomera chinthu chimodzi, chifukwa agogo anga aakazi akanandidzudzula ndikanachibisa. Njanji inathandiza anthu wamba. Agogo amakumbukira mmene ankakwerera sitima ndi dengu la nsomba zouma kapena mbatata kupita nazo ku Luchenza ndi ku Limbe, n'kubwerako ndi mchere, sopo ndi chitenje chatsopano. Amakumbukira kulira kwa sitima kumene kunkawauza nthawi popanda wotchi. Atsamunda anamanga njanjiyo chifukwa cha minda ya kumtunda, koma anthu a m'chigwa anaigwira n'kuisandutsa yawo. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, sitima ya anthu inkayendabe mbali ya kuno. Chimene chinaduka mu 1997 ndi chimenechi: msika wa amayi, ulendo wa kuchipatala, njira ya ana asukulu. Kulephera kulumikiza malo amenewo kwa zaka zoposa 25 ndi mlandu wa maboma athu, onse motsatana, ndipo pamenepa palibe mtsamunda woti timuloze chala. Ngati mnzanga akufuna kukwiya, akwiyire zimenezi, ine ndikwiya naye. Koma izi n'zosiyana ndi kusirira utsi wa sitima ya 1900.

Kusiriraku si kwa ana asukulu okha ayi. Mu Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Loto linali lija lomwe: katundu azichoka ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire. Boti limene linkayembekezeka kufika tsikulo linagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, ndipo mpaka lero dokolo ndi konkire yopanda sitima. Ine sindiseka nkhaniyi, chifukwa mtengo wa mafuta ndi fetereza m'dziko lopanda gombe la nyanja ya mchere umapweteka tonse, ndipo kufunafuna njira yotchipa si uchitsiru. Koma munthu amene anawerenga chifukwa chimene Angerezi anathawira pa Chiromo kupita ku Port Herald, n'kuthawanso ku Port Herald kupita ku Chindio, akanafunsa kaye mafunso awiri: mchengawo unapita kuti, nanga eni ake a Zambezi avomera? Tinamanga bwinja latsopano pafupi ndi lakale. Mbiri ya matawuni akufa ikanaphunzitsidwa moona, osati ngati nthano ya masiku abwino, mwina ikanatipulumutsira ndalama zimenezo.

Komabe chimene chandilembetsa kwenikweni si doko, si njanji. Ndi mawu akuti bwinja.

Kumudzi aliyense amadziwa bwinja. Ukuyenda m'tchire, mwadzidzidzi waona mitengo ya mango itaima mozungulira, mapale a miphika ali mbwee, pena mphero yosweka, pena kamsitu kamene anthu salimamo chifukwa ndi manda. Akulu amakuuza kuti apa panali mudzi wa auje. Chigwa cha Shire chadzaza ndi malo oterewa, ndipo ambiri mwa iwo saonekanso n'komwe chifukwa ali pansi pa madzi kapena pansi pa mchenga. Nyanja ya Malawi itadzazanso m'zaka za m'ma 1930, Shire anabwerera ndi mphamvu n'kumiza madimba ambiri amene anthu ankalimamo chimanga ndi thonje. Madambo anakula, midzi inasamuka, amuna ambiri anapita kukafuna ntchito kunja. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'chigwa muno mwambiwu si wokometsera nkhani. Mu Januwale 2015 madzi anasamutsa anthu oposa 200,000 m'dziko muno, ndipo Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga. Kenako kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Mudzi umene amayi anga anabadwiramo kulibenso. Sikuti unasanduka bwinja loti ungakaloze mtengo wa mango. Pamalopo pali mchenga woyera ndi bango.

Nayi kusiyana kumene kumandiwawa. Chinde anafa zaka 100 zapitazo m'dziko la eni, koma ndikhoza kukuuzani chaka chimene anabadwa, chaka chimene anafa ndi dzina la munthu amene anapeza khomo lake. Osonkhanitsa masitampa ku Ulaya amagulitsana makalata odindidwa chidindo cha Chinde ndi cha Chiromo. Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a maboma a atsamunda, ndipo ku Mandala House ku Blantyre, nyumba ya African Lakes ya 1882, kuli laibulale ya Society of Malawi yodzaza ndi mabuku ndi zithunzi za nthawi imeneyo. Mzungu amene anakhala pa Chiromo miyezi isanu ndi umodzi n'kufa ndi malungo ali ndi dzina papepala. Mudzi wa amayi anga, umene unakhala mibadwo ingapo ndipo wafa dzulodzuloli ife tikuona, ulibe ngakhale tsamba limodzi. Ukapezeka papepala, ndiye kuti ndi pamndandanda wa olandira ufa ndi matenti.

Wina anena kuti midzi imasamuka chikhalire, ndi mmene makolo ankakhalira, palibe chodandaulitsa. N'zoona kuti makolo ankasamuka. Koma ankasamuka ndi mbiri yawo m'mutu mwa akulu, ndipo madzulo pabwalo ana ankaimva. Lero amene akusamuka akukathera m'misasa ndi m'malo ogawiridwa ndi boma, mabanja atamwazikana, achinyamata ali ku Blantyre, ku Nchalo kapena ku Joni. Unyolo uja ukuduka. Nkhalamba imodzi ikamwalira kumsasa, pamapita mayina a madambo, malire a minda, mzere wa mafumu, nyimbo za pamtondo ndi chidziwitso cha kumene madzi anadzera mu 1950-chakuti, chimene akatswiri omanga milatho akanachifuna.

Sikuti palibe anayesapo. Elias Mandala analemba buku la mbiri ya chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, ndipo mbali yaikulu anaitenga pokhala pansi ndi alimi okalamba n'kuwamvetsera. Iye salemba n'komwe kuti Shire, amalemba kuti Tchiri, mmene eni ake amatchulira. Matthew Schoffeleers anatha zaka akufufuza za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi. Ntchito zawo zimaonetsa kuti mbiri ya anthu osalemba ikhoza kulembedwa, ndipo imakhala yolemera kuposa mabuku a kasitomu. Koma akulu amene iwo anacheza nawo anapita kale, mabukuwo ali m'Chingerezi, ndipo ndi ochepa a ku Makhanga amene anawaonapo. Za midzi imene yafa kuyambira 1997 kufika lero, ntchitoyo ikudikira ife.

Nkhani imeneyi ikukhudzanso mkangano wa kusamuka. Nthawi iliyonse madzi akasefukira, timamva pa wailesi akuluakulu akudandaula kuti anthu a m'chigwa ndi osamva, akuuzidwa kuti apite kumtunda koma akukana. Anzanga a m'tawuni amavomereza msanga. Ine ndikufuna abale anga akhale ndi moyo, ndipo pali malo ena amene kunena zoona munthu sayeneranso kugonapo. Koma amene sadziwa mbiri ya mudzi sangamvetse chimene akupempha. Kumtunda kuli eni ake. Mfumu ikasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo. Dimba la m'chigwa limabereka kawiri pachaka popanda fetereza, pamene munda wa kumtunda umadikira mvula imene ku Nsanje siidalirika. Ndiye pali manda. Kwa wolemba mapulani, mudzi ndi chiwerengero cha mabanja chimene chikhoza kunyamulidwa pa lole. Kaganizidwe kameneka sikasiyana kwenikweni ndi ka amene anamanga Chiromo n'kumusiya: malo ndi pongoikapo zinthu, zikavuta susani. Kusamutsa anthu kumene kungagwire ntchito ndi kumene kungayambe ndi kufunsa kuti mudziwu unafika bwanji pano, unasamukapo kangati, ndipo nthawi zinazo chinawabweza n'chiyani.

Sindikunena kuti njerwa za atsamunda zigumulidwe kapena zisiyidwe kuti ziwole. Zisungidwe, ndipo pakhale chikwangwani. Koma chikwangwanicho chinene za Chipatula, za odula nkhuni ndi amtengatenga, osati za Harry Johnston yekha. Ndipo pa ndalama iliyonse yopentera nyumba yakale ya boma, pakhale inanso yotumizira wophunzira kumudzi ndi foni yojambulira mawu. Ife a m'mayunivesite timalemba kafukufuku chaka ndi chaka, ambiri timangobwereza mitu imene anzathu analemba kale chifukwa mabuku ake ali pafupi. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi agogo amene akudziwa bwinja lina lake: la ku Nyika kumene anthu anachotsedwa pokulitsa paki mu 1978, la ku Lilongwe kumene midzi inapatukira likulu latsopano, la ku Mulanje ndi ku Phalombe kumene Freddy anakwirira midzi ndi miyala. Foni tili nazo, zomwe timatumizirana zithunzi za sitima zija.

Ine ndinayesa tchuthi chapitachi. Agogo tsopano akukhala kwa amalume, kumtunda pang'ono, m'nyumba ya malata imene iwo amati imatentha ngati chiwaya. Ndinakhala pamkeka, n'kuika foni pakati pathu.

"Agogo, tandiuzeni nyumba zonse za kumudzi kuja, kuyambira kumtsinje."

Anandiyang'ana kaye. "Iwe, ukufuna ukawauze aboma kuti atipatse chiyani?"

"Palibe chimene atipatse, agogo. Ndikungofuna ndilembe."

Anaseka, n'kunena kuti sukulu yanga ndi yodabwitsa. Kenako anatseka maso n'kuyamba. Anatchula nyumba yoyamba, ya munthu wosema mabwato, ndi mtengo wa mtondo umene unali pakhomo pake. Yachiwiri, ya amayi ena amene ankaumba miphika yabwino kuposa onse. Anandiuza pamene panali chitsime, pamene anyamata ankavinira usiku wa mwezi, njira imene inkapita kusiteshoni ndi pamene ankabisala amuna akamva kuti amesinjala a msonkho afika. Dzanja lawo linkaloza m'mwamba ngati mudziwo uli pabwalo pomwepo. Anafika nyumba ya 23, n'kuima.

"Apa panali banja lina. Anachokera kutsidya, nthawi ya nkhondo. Mkazi wake anali wamtali." Anakhala chete nthawi yaitali. "Dzina landithawa. Akanakhalapo achemwali anga akanakuuza."

Achemwali awowo tinawaika m'manda chaka chatha. M'kope langa, pa nambala 23, ndinangolemba kuti: a kutsidya, mkazi wamtali.